Mabuku a mabishopu pansi pa pilo

Zinayamba mu November ndi kuzizidwa komanso kuphwanya m'thupi. Nthawi imeneyo ndinkanyamula matailosi pa shedi ina ku Clondalkin, popeza Dublin yense anali pa kalikiliki womanga nyumba. Monga munthu amene anafika chaka chachiwiri ku koleji asanaone kuti zakwana, ndinadziyeza ndekha n'kupeza kuti ndi malungo. Zoti ku Ireland udzudzu unali usanandilumepo, ndinaziona ngati nkhani yaing'ono. Ndinatsegula sutikesi, n'kumwa ma SP, mankhwala a malungo amene amayi anatilongedzera pochoka ku Malawi, ulendo wa ku ntchito.

Mkazi wanga Naphiri sindinamuuze. Iyeyu ndiye anatibweretsa kuno ndi scholarship, ndipo ankalemba thesis ya mmene Angerezi akale ankakanganirana zopemphera: wansembe avale mkanjo woyera kapena ayi, gome la mgonero liime pati, mpaka mapeto ake anadula mutu wa mfumu yawo. Ankayenera kupereka Khirisimasi isanafike. Ndinkadziwa kuti akamva zoti ndikudwala aika mabuku pansi, ndipo m'nyumba imodzi wosiya sukulu mmodzi amakwana.

Sabata yachiwiri chifuwa chinayamba, makhololo a mtundu wa dzimbiri, ndi kubaya m'nthiti zakumanja ndikamakoka mpweya. Kugona chagada kunakanika. M'fulati yathu ku Santry munali mapilo awiri okha, koma mabuku osawerengeka. Ndinasankha onenepa kwambiri, onena za mabishopu, pa mulu wa Naphiri n'kuwaika pansi pa pilo kuti mutu ukwere. Ndinene zoona, mabishopu aja ananditsamiritsa bwino.

Loweruka m'mawa Naphiri anasakasaka buku lake lina nyumba yonse. Analipeza kumutu kwanga, chikuto chitanyowa ndi thukuta. Anayang'ana bukulo, anandigwira pachipumi, kenako anati, "Bambo, mwanyowetsa buku la ku laibulale. Valani jekete."

Kuchipatala tinadikira nthawi yaitali, ine ndili pa trolley, kabedi ka matayala, m'khonde, iye ali chiimire pambali panga. Anandijambula X-ray, ananditenga magazi. Dokotala atamva za SP anafunsa mwaulemu kuti, "Udzudzu wake munaupeza kuti?" Malungo sanapezeke. Chinali chibayo, ndipo anati ndikanabwera sabata yoyamba bwenzi ndikumwera mankhwala kunyumba.

Anandigoneka, dilipi pamkono, mpweya m'mphuno. M'mawa anamwino ankayeza kutentha kwa thupi ndi BP, kenako tiyi ndi buledi wootcha, kenako kudikira madokotala. Masana Naphiri ankabwera pa basi ndi chikwama cha mabuku, n'kumandiwerengera mokweza zimene walemba kuti amve pamene pakhota. Nkhalamba ya Chiairishi ya pa bedi loyandikana ndi langa inapempha kuti buku limodzi alivundikire, chifukwa pachikuto panali nkhope ya mkulu wa asilikali amene anapha anthu ambiri m'dziko lawo. Inati makolo ake sanamukhululukire, ndipo iyo sikuona chifukwa choti iyambe. Naphiri anavundikira. Mawa lake nkhalamba yomweyo ndiyo inayamba kufunsa kuti tinalekera pati.

Kutentha kunatsika pang'onopang'ono, ndipo ananditulutsa m'chipatala December atayamba. Mutu womaliza wa thesis Naphiri anaulembera pa katebulo kanga kodyera m'wodi, ndipo anapereka pa nthawi yake. Ntchito imene ndinkati ndikuiteteza ndi imene ndinatsala pang'ono kuigwetsa.

Panopa ndili bwino, X-ray yomaliza inaonetsa kuti mapapo ayera. Ndinabwerera ku matailosi, kumene kulibe wondiposa pa nkhani ya mikanjo ya ansembe. Abale anga amene muli kuno, si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Chifuwa chikakana kutha, kupuma kukayamba kubaya, pitani kwa GP, dokotala wa m'dera lanu, msanga, ndipo wa m'nyumba mwanu muuzeni tsiku lomwelo. Ma SP otsala Naphiri anakawasiya ku pharmacy. Pobwera anagula mapilo ena awiri.