Mpira wa a Chiphaliwali unagwa pa Corniche

Lachisanu lapitali anthu oyenda pa Corniche, msewu wa kugombe kuno ku Doha, anaona malodza. Azibambo atatu a mimba zawo, imvi zili mbuu, akuthamanga m'mbali mwa nyanja ngati alanda foni ya munthu. Mmodzi mwa azibambowo ndinali ine, ndipo mpaka lero ntchafu zikundiimba mlandu.

Musaseke kaye. Imvani chomwe chinatithamangitsa.

Lachiwiri la sabata yomweyo m'mawa, ndili m'basi kupita kusukulu komwe ndimaphunzitsa masamu kuno ku Doha, pagulu lathu la pafoni panagwa uthenga: a Kochi atisiya. Dzina lawo lenileni ndilisunga, achibale adakali m'misozi. Ife tinkawatcha a Chiphaliwali, chifukwa akakalipa pabwalo la basiketibolo la pakoleji yathu kumudzi kuja, ngakhale ophika kukhitchini ankasiya kutakasa nyemba n'kumvetsera.

Bwalo lake lomwelo linali la simenti yong'aluka, mphete zake zopanda ukonde, mipira yake yosalala ngati mutu wa dazi. Koma pabwalo limeneli mkulu ameneyu anatulutsapo matimu omwe ankazunza makoleji onse m'dziko muja. Ankabwera panjinga yakapalasa, kumbuyo atamangirira phava la nthochi zoti tidye tikatha masewera. Wolephera mayeso sankakhudza mpira, kaya akhale wamtali ngati mlongoti. Bambo anga ankati ndikusewera ntchemberembaye ngati atsikana, mpaka tsiku lomwe a Kochi anawagwira dzanja n'kuwauza kuti, “Mwana wanuyu ndi waulesi, koma ndimuwongola.” Bambo anawakonda kuyambira pomwepo.

Ndikamakumbukira madzulo aja, fumbi la mu Okutobala, atsikana atakhala pakhoma akuimba mayina athu, mtima umandiwawa. Zinali zokoma zedi, abale.

Malamulo awo akuluakulu analipo awiri. Loyamba: mnzako akakuponyera mpira iwe n'kuugwetsa, timu yonse ithamange kukagunda mpanda wa kumapeto kwa bwalo. Poyamba ankaimba wezulo, koma patapita nthawi wezulo sinkafunikanso, mpira ukangoti du pansi miyendo inkanyamuka yokha. Lachiwiri: amene wafika msanga kumpanda abwerere kukatenga wotsalira. “Timu yafika ngati womaliza wafika,” ankatero.

Tsono mayi a kunyumba kwawo anapempha kuti ife amene tili kunja titumize kavidiyo kotsanzika, akakaonetse pamaliro Lamulungu. Kuno ku Doha ana a a Chiphaliwali tilipo anayi. Pali Alick, yemwe anali kaputeni wathu, pano ndi injiniya ndipo amakhala ku Onaiza m'nyumba zosanja zija. Pali Gift, nesi. Pali ine. Ndiye pali Yusufu, yemwe amayendetsa galimoto ya banja lina ku Fereej Al Murra.

Yusufu ndinam'peza atachoka kale pakoleji, koma mbiri yake inali idakali pabwalo. Akuti akalumpha ankachita ngati waiwala kutera. Tsiku la fainolo anauza a Kochi kuti bondo latupa. Iwo analikulunga bandeji n'kunena kuti mwamuna salira bondo. Anasewera, anagoletsa, chikho chinabwera, koma masewero asanathe bondo lija linathyokeratu. Pachithunzi cha chikhocho Yusufu palibe, anali kale m'galimoto ya kuchipatala. Anagona m'wodi miyezi, mayeso anam'dutsa, sukulu inathera pomwepo. Mpaka lero amayenda motsimphina.

Alick atandiimbira foni anati, “Aise, Yusufu abwere, koma azingomwetulira. Tisakachititse manyazi pamaso pa mayi.”

Tinakumana Lachisanu pa Corniche paja dzuwa litapendeka, kamphepo ka kunyanja kakuwomba. Alick anabwera ndi mpira watsopano, akazi awo, alamu athu, atagwira foni yojambulira. Dongosolo linali losavuta: tiime mzere, aliyense alandire mpira, anene mawu ake, aponyere mnzake.

“Yalla, tiyambe, ndili ndi shifiti usiku,” anatero Gift.

Alick anati, “A Kochi, munali tate wathu.” Gift anati, “Munatipanga kukhala anthu.” Ine ndinati nthochi zawo sindidzaziiwala, kenako ndinaponyera Yusufu, mpira wabwinobwino wa pachifuwa, monga anatiphunzitsira.

Yusufu manja anangowasiya m'matumba.

Mpira unam'gunda pachifuwa, n'kugwa. Du, du, du, n'kugubudukira pakapinga.

Ndikulumbira, palibe amene anauza mnzake. Ndinangozindikira ndili pa liwiro, Alick kutsogolo, Gift pambali panga, tikulunjika pamtengo wa kanjedza womwe unali chapatali. Amayi okankha ana m'tingolo anachita kutipatukira. Tili pakati Gift anayamba kuseka, ndipo pomwe timagunda mtengowo kuseka kuja kunali kutasanduka kulira.

Taganizani. Munthu ali m'bokosi ku Malawi, ife tili ku Arabu, zaka zapita zosawerengeka, koma akutithamangitsabe.

Titatembenuka tinaona Yusufu ataima pomwe tinam'siya paja, yekhayekha. Tinayang'anana. Lamulo lachiwiri lija. Tinabwerera tili wefuwefu, n'kuima awiri uku, mmodzi uku. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kuyenda, mwendo umodzi akuukoka, ife tikutsata mayendedwe ake mpaka pamtengo paja. Alamu ankatilondola ndi foni.

Atagunda mtengo, Yusufu anayang'ana mufoni muja n'kunena kuti, “A Kochi, ndine Yusufu. Anzangawa andibwerera. Inu simunabwere. Ndinakudikirani m'wodi muja mpaka mvula inayamba kugwa. Mpira munandiphunzitsa, zikomo. Gonani bwino.”

Mkangano unabuka titakhala pakhoma, tiyi wa karak ali m'manja.

“Izi tiedita,” anatero Alick. “Pamaliro sanena zimenezi. Munthu wathandiza anthu ambirimbiri, ndiye tim'nyoze tsiku loikidwa?”

“Ndanyoza pati?” anafunsa Yusufu. “Ndanama?”

“Sunaname, koma nthawi yake si ino.”

“Nthawi yake ndi iti, akulu? Ali moyo munkati ndi munthu wamkulu, sitingamuuze. Wamwalira mukuti ndi maliro. Mukadula mawu anga, mudule ndi nkhope yanga yomwe, ndipo pagulu lanulo mundichotse. Khalasi, nkhani yatha.”

Kuno tilipo ochepa, abale. Yusufu ndi amene anandilandira pabwalo la ndege nditangofika, ndi amene amatiitana pa Idi kukadya mpunga wa nyama. Kum'taya chifukwa cha kavidiyo? Komanso kukawalasa mayi oferedwa pamaso pa khamu?

Ndiye ndakhala ndikuganiza sabata yonseyi. Ife Amalawi pamaliro timadziwa kuyankhula. Aliyense womwalira amakhala mzati, mtengo waukulu, dzenje losakwiririka. Sindikutsutsa, chifundo n'chabwino. Koma munayamba mwaonapo kuti amene amapatsidwa mpata woyankhula ndi ati? Ndi ife amene zinatiyendera. Injiniya, nesi, mphunzitsi. Timaimirira titavala masuti n'kumati, “Nkhanza zija n'zimene zinandifikitsa pano.” Nanga amene nkhanza zomwezo zinam'siya panjira, amakhala kuti? Amakhala kumbuyo, pansi pa mtengo, kapena sabwera n'komwe.

Si a Kochi okha ayi. Aphunzitsi aja ankatikwapula mpaka kulephera kukhala pansi, abwana aja, ngakhale makolo ena. Timawawerengera amene anawakweza, amene anawathyola sitiwawerenga. Ndipo ine amene ndikulemba pano ndimaima kutsogolo kwa ana tsiku lililonse. Ndikadzafa ine, mwana uja ndinam'chititsa manyazi pa bolodi adzapatsidwa mpata?

Musandimve molakwa. A Chiphaliwali ndimawakonda, ndipo ndawalira. Pakanapanda iwo bwenzi nditathera m'mabala a kuseri kwa koleji, izi ndikudziwa. Munthu akandiuza kuti anali chilombo, tikangana mpaka kutada. Koma akandiuzanso kuti anali mngelo, ndim'tengera kwa Yusufu akaone bondo. Anali munthu wofuna chikho kwambiri, ndipo tsiku lina anachifuna kuposa mwana wa eni ake. Akuluakulu anati mlandu suwola. Ife timaganiza kuti tikaukwirira limodzi ndi bokosi ndiye kuti watha.

Amene anatipulumutsa tsiku lija ndi alamu. Anamvetsera phokoso lathu mpaka tiyi atazizira, kenako anati, “Inu azibambo, mwamuna ameneyu mukumudziwa kuposa mkazi wake? Ine kuedita sindidziwa. Ndiwatumizira mayi okha, osati gulu, asankhe eni ake.”

Alick anang'ung'udza, koma kunyumba kwa Alick timadziwa amene amaimba wezulo.

Loweruka masana yankho linabwera, mawu ojambula, otopa, kumbuyo kukumveka nyimbo za azimayi a pasiwa. Alamu anatitumizira tonse. Ine ndinali kwa Yusufu, tili m'galimoto ya abwana ake podikira ana a abwanawo kuti atuluke kosambira.

“Ana anga, ndaonera,” anatero mayiwo. “Mwandiseketsa ndi kuthamanga kwanuko, mimba zimenezo akanaziona mukanazungulira bwalo mpaka mdima. Musadule kalikonse, tikaonetsa momwemo. Yusufu mwanawe, bambo akowa ankanyamuka kupita kuchipatala kuja, nthochi atamanga panjinga. Ankafika pageti n'kubwerera. Kangapo konse. Nthochizo ndinkadya ndine. Ankaopa nkhope yako.”

Ndinayembekeza kuti Yusufu alira, kapena anena kuti wakhululuka, monga zimathera nkhani za pawailesi. Ayi ndithu. Anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali kutsogolo.

“Pageti si m'wodi,” anatero.

Munthu amene ankatiopsa tonsefe analephera kuyenda kuchoka pageti kukafika pabedi la mnyamata mmodzi, ndipo ulendo umenewo wapita nawo kumanda osaumaliza.

Patapita kanthawi Yusufu anandipempha kuti ndibwerezenso mawu a mayi aja. Ndinabwereza. Atatha anapukuta m'maso ndi chala chachikulu n'kunena kuti, “Umuuze Alick, Lachisanu abwere nawo mpira uja. Koma wogwetsa athamange yekha, ine bondo langa ndi limodzi.”

Maliro anachitika Lamulungu. Akuti kavidiyo kaja katafika pa mawu a Yusufu, ena mwa osewera akale anang'ung'udza kuti ana a ku Qatar alibe mwambo. Mwina n'zoona. Koma mwambo umene ife tinaphunzira pabwalo la simenti lija unkati timu yafika ngati womaliza wafika, ndipo mwini wake wa lamulolo analephera kulisunga pomwe linkafunika kwambiri.

Nanga inu amene munafika msanga kumpanda, mwavala suti, mukukonzekera kukatamanda amene anakuwongolani, mwatembenuka kale kuti muone amene watsala m'mbuyo akukoka mwendo?