Pothirira mafuta pansi pa benchi

Mwaswera bwanji nonse. Pikapu yathu ija yalephera kokayezetsa lero, ndipo wolakwa ndi alamu anga a Fulaye, owotcherera aja a ku Mbayani.

Mukudziwa kuti mbava zinkandipopera dizilo. Ndinawauza alamu kuti pothirira mafuta apasunthe, pakhale pobisika. Iwo anatseka bowo lakale ndi chitsulo, n'kupenta bwinobwino, paipi n'kuitulutsira kumbuyo, pansi pa benchi yokhalapo anthu.

Lero ku Limbe woyeza galimoto wazungulira pikapu katatu, kenako n'kundifunsa, "Bambo, galimotoyi imamwera pati?" Ndanyamula benchi kumuonetsa. Munthu uja waseka mpaka kuitana anzake. Akuti lamulo sililola, pothirira pazikhala kunja, osati pokhala anthu.

Ndamuuza kuti pamenepo pamakhala apongozi anga, ndipo sasuta fodya. Iye akuti, "Ndiye mukafuna kuthira mafuta mumawauza apongozi kuti adzuke?" Paja Lamlungu lija tinakankha galimoto ku Chichiri mafuta atatha chifukwa chomwecho, ndinachita manyazi kuwadzutsa.

Pepala lovomereza galimoto kuyenda pamsewu sanandipatse. Popanda pepalalo, Loweruka sindinyamula munthu aliyense kupita ku chinkhoswe cha m'bale wathu Esinati ku Chikwawa.

Ndawaimbira alamu mwaukali. Akuti abwezeretsa mawa, koma sakukumbukira bwino pamene panali bowo lakale, ndiye azifufuza ndi moto wowotcherera. Pafupi ndi thanki!

Ndiwapatsenso galimotoyi, kapena nonse mukwere minibasi? Achemwali, mwamunayu ndi wanu, muyambe ndinu kuyankha.