Mtovu wa M'velo ya Ethel

Ku Mposa aliyense amaidziwa pikapu yoyera ya a Zubairu, koma ndi ochepa amene amadziwa manja omwe amaiyeretsa. M'mawa uliwonse akazi awo, Mayi Ayisha, amatunga madzi kumjigo n'kuikwecha mpaka kumatayala. Ikamadutsa anthu amati, "Koma a Zubairu ndi aukhondo." Mayiwo amangomwetulira n'kukayanika chiguduli.

Ali ndi makina osokera akalekale pakhonde pawo. Mtsikana wa m'mudzi muno akamakwatiwa, kaya kumzikiti kaya kutchalitchi, chovala chake chimadutsa pamakina amenewo, ndipo sindinamvepo atatchula mtengo. Sataya kanthu. Batani, kamsomali, zipi yothothoka, zonse zimalowa m'chitini cha mkaka.

Chaka chatha, nthawi yotentha, Ethel, mwana wa mchemwali wanga, ankamanga ukwati kutchalitchi ku Balaka, kwawo kwa mwamuna. Ansembe anali atanenetsa kuti tikachedwa sadikira, chifukwa masana anali ndi Misa kwina. A Zubairu anadzipereka kunyamula mkwatibwi, ndipo pofuna kuti pasakhale chovuta anakagula matayala atsopano ku Liwonde. Mayi Ayisha anasoka velo, natsukanso galimoto kuposa masiku onse.

Tinanyamuka dzuwa likutuluka. Ethel anakhala kutsogolo, ine ndi Mayi Ayisha ndi amayi ena kumbuyo tikuimba. Pamsewu wafumbi panalibe chachilendo, pakuti kumeneko chilichonse chimagwedezeka. Titafika patala, a Zubairu atangoonjezera liwiro, chiwongolero chinayamba kunjenjemera ngati munthu wamalungo. Akachepetsa chinkaleka. Akapondanso, mpaka galasi lam'mbali linkavina. Tinayenda ngati ngolo, njinga zakabaza zikutipitirira, nyimbo zija n'kuzirala.

Pa Liwonde anakhotera kwa Bizwick, yemwe anawaikira matayalawo.

"Iwe, wandigulitsa matayala a gule!" anatero a Zubairu.

"Madala, mwafika ndi ukwati kapena nkhondo?" Bizwick anaseka. "Chiwongolero chikunjenjemera mukaponda buleki, kapena mukathamanga?"

"Ndikathamanga basi."

"Nanga mukachisiya, galimoto ikukokera mbali?"

"Kumanzere pang'ono. Koma zimenezo n'zakale, chigwereni m'dzenje lija."

"Ndiye matenda ndi awiri. Kukokerako miyendo inapotoka, mudzabwere Lolemba tidzaiwongole isanadye matayala atsopanowa mbali imodzi. Lero tithane ndi kunjenjemeraku."

Anayesa manati onse, anali olimba. Mpweya unali wokwana. Anakweza galimoto ndi jeki n'kugwedeza tayala, silinasewere. Kenako anayendetsa chala m'mphepete mwa limu, chitsulo chapakati pa tayala, n'kuima.

"Apa ndinamenyerapo mtovu ndekha, nachi chipsera chake. Ukunso palibe. Wagwa bwanji pamatayala onse?"

Anatifotokozera kuti tayala, ngakhale latsopano, limalemera mbali imodzi kuposa inzake, ndiye amapanikizapo tizitsulo tamtovu kuti lizizungulira mofanana.

Mayi Ayisha anagwira pakamwa, n'kutembenukira kwa amuna awo.

"Tizitsulo totuwa tija? Bambo a Jamali, ine ndimayesa zinyalala zomwe anyamatawa anaiwala. Galimoto ya ukwati ipite ndi nkhupakupa m'miyendo? Ndinazikanganula ndi mpeni."

"Amake Jamali! Ndiye mwazitaya kuti?"

"Ine kutaya?"

Analoza Ethel. Tinatembenuza m'mphepete mwa velo, ndipo munali timatumba tosokedwa bwino, kalikonse kali ndi mtovu wake. Ankaopa mphepo ya ku Balaka, kuti ingamuvule mwana pamaso pa apongozi.

Bizwick anakhala pansi ndi kuseka. Mayi Ayisha anali atatulutsa kale lezala kuti asosole, koma iye anawaletsa.

"Iyayi amayi, umenewo wapeza ntchito ina. Mtovu ndili nawo wambiri."

Mwamwayi magetsi analipo. Anamasula matayala limodzilimodzi, n'kumaliika pamakina olizunguza, makinawo n'kumasonyeza pofunika kumenyapo mtovu. A Zubairu anavula jekete namagubuduza matayala okha. Mayi Ayisha anayenda m'mbuyo mwawo ndi chiguduli, kupukuta paliponse pamene pagwira manja a girisi.

Titawoloka Shire, a Zubairu anaponda moto. Chiwongolero chinangoti zii. Anatulutsa dzanja pawindo n'kufuula, "Alhamdulillah!" Ife kumbuyo nthungululu.

Tinafika ansembe ataima pakhomo atavala kale, akuyang'ana kumsewu. Ethel akutsika, kunadza kamvuluvulu wa fumbi. Chipewa cha bambo ake a mkwati chinauluka mpaka kumpanda, amayi tonse tinagwira zitenje. Velo yokha inangotsika bwinobwino kumsana kwa mwanayo osatekeseka, mpaka analowa m'tchalitchi.

Amayi ake a mkwati anafunsa kuti wasoka ndani. A Zubairu ndi amene anayankha, mokweza kuposa mmene zinafunikira: "Akazi anga. Ndi amenenso amatsuka galimotoyi."

M'mawa mwake ndikupita kumjigo ndinawapeza a Zubairu pamzere, ndowa ili m'manja, amayi akuwafunsa ngati akufuna nkhata. Mayi Ayisha anali pakhonde akumwa tiyi, akuwakuwira kuti asaiwale kuseri kwa matayala, koma tizitsulo asatikhudze.