Banjo ya Pamafuwa

Sukulu ndinaithawa tisanafike pa masamu ogawa, choncho za udokotala musandifunse. Koma khunyu ndimalidziwa. Ndagona nalo nyumba imodzi kuyambira pamene akazi anga anadwala malungo aakulu aja, ana athu atakula kale. Malungo anapita, n'kutisiyira mlendo ameneyu, wosadziwa kutsanzika.

Kwathu kuno ku Kapondo aliyense amadziwa lamulo lake: wakhunyu akangopsa ndi moto, basi, mankhwala sagwiranso, kaya akuchipatala kaya amizu. Akazi anga ankakhulupirira zimenezi kuposa mmene ankandikhulupirira ine, ndipo sindiwada, poti pakamwa panga amapadziwa. Ndiye ntchito yanga inali imodzi: asagwere pamoto. Koma mayi wachichewa mungamuletse kuphika? Ndinayesa kuphika ndekha, anandilanda mthiko n'kundifunsa ngati ndatumidwa kudzapha banja.

Nzeru ya nyimbo ndinaitola ku boda, kumene ndinkagulitsa mtedza kwa madalaivala a mathiraki. Dalaivala wina wa ku Chipata, wamimba ngati thanki ya galimoto yake, anandiuza kuti anamva pa wailesi zoti azungu amawaimbira odwala khunyu piyano yoziziritsa mtima, kugwa n'kumachepa. Piyano ndinalibe. Ndinali ndi banjo yanga ya chigubu cha mafuta ophikira, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Ndinati ubongo ndi ubongo, sufunsa kuti woimbayo wavala suti.

Titapita kukatenga mapiritsi pachipatala chathu chaching'ono, ndinafunsa adokotala. Anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Imbani, agogo, nyimbo sinaphepo munthu. Koma mapiritsi asasiye."

"Simunawamvepo awa akuimba," anatero akazi anga.

Kuyambira pamenepo, iwo akakhala pamafuwa, ine ndili pa kampando pakhomo pa khitchini, banjo pamwendo. Ndinapeka kanyimbo kopusa. Ine ndinkaponya kuti, "Mwathira mchere, mayi?" iwo n'kuvomera, "Wakwana, aulesi inu." Mobwereza choncho mpaka aphule mphika. Amuna anzanga ankati ndadyetsedwa khuzumule. Ndinkawauza kuti inde, ndipo n'ngwokoma, akapemphe kwa akazi awo.

Kodi kugwa kunachepa? Ine ndinkati kwachepa chifukwa cha luso langa, iwo ankati ndi mapiritsi. Zoona zake, mwezi umene mapiritsi atithera ankagwa ndithu, banjo ili mkati molira. Koma ndinatulukira china chimene wailesi ya dalaivala uja sinanene. Khunyu likamabwera limayamba lamutseka munthu pakamwa. Ndikaponya mawu anga, kuvomera osabwera, ndinkataya banjo, kuwagwira m'chiuno n'kuwakokera panja. Ankagwera m'manja mwanga, pa dothi, kutali ndi moto. Akatsitsimuka ankati, "Mwang'ambanso chitenje changa." Zaka zinapita choncho, thupi lawo lopanda chipsera ndi chimodzi chomwe.

Kenaka mnansi wathu, bambo wa nyumba yoyandikana nafe, anamwalira. Pamaliro banjo siilira, ngakhale wailesi m'mudzi imatsekedwa. Amuna amakhala kwawo pansi pa mtengo, amayi ophika kwawo kuseri kwa nyumba.

"Mayi, lero kakhaleni pa siwa ndi olira, kophika musapiteko," ndinawauza m'mawa mwake.

"Pa maliro a amayi anga anaphika ndani? Si mkazi wa malemuyu? Kakhaleni ndi amuna anzanu, musandichititse manyazi."

Ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango, zala zikukanda bondo ngati pali nsambo. Kuseriko amayi ankaimba nyimbo za tchalitchi, mawu ambirimbiri, khutu langa likusaka amodzi okha. Koma pagulu lotero, munthu mmodzi akatonthola amva ndani? Chimene ndinamva ndi nyimbo kuduka pakati. Nditathamangirako ndinapeza amayi ambiri ataima patali, poti amati thovu la m'kamwa limapatsira matendawa. Mayi wina wolimba mtima anali atawakoka mwendo akazi anga, koma dzanja lamanja linali litalowa kale m'makala mpaka pachigongono.

Anakagona ku chipatala cha ku boma. Chilonda chinapola, koma zala zinapindika ngati phazi la nkhuku. Adokotala a kumeneko anawauza bwinobwino kuti zoti wopsa sachira n'zabodza, mankhwala amagwira chimodzimodzi. Akazi anga anagwedeza mutu mwaulemu, monga timachitira ndi mlaliki wotalikitsa. Tili pa galimoto yobwerera anati, "Abambo, munayesetsa. Banjo ija mupatse adzukulu aziseweretsa."

Sindinawapatse. Adzukulu anga alibe ulemu ndi zida za akatswiri.

Mapiritsi amamwa ndikawaumiriza, ndipo amameza ngati akuchitira ine chifundo. Amaphikabe, ndi dzanja lamanzere. Ine ndimakhalabe pakhomo paja, ndimafunsabe za mchere. Savomera. Ndasinthapo mawu, ndawaimbira kuti ndikukatenga mkazi wachiwiri ku Mwami, wonenepa, wodziwa kuthira mchere. Kale akanandiponyera chikuni. Tsopano amangoyang'ana moto.

Ndiye sindidziwanso kuti kutonthola kwawo n'kwa mtima kapena kwa matenda. Tsiku lina posachedwapa ndinalumpha n'kuwagwira m'chiuno ali bwinobwino, mphika wa nyemba n'kutayikira m'phulusa. Sanakalipe. Anandiyang'ana nati, "Mukutchinjiriza chiyani, abambo? Ndinapsa kale."

Ndinatola banjo yanga n'kukhalanso pa kampando. Mawondo angawa akalamba, ayamba kufunsa kaye asanadzuke. Ndinakunga nsambo imene inamasuka, n'kufunsanso za mchere.