Satifiketi ya wotchi yanga ndi mphindi khumi za Sitandade 8

Lolemba lapitali ndinapalasa njinga kupita ku boma, ndipo ku positi ndinapeza envelopu imene ndakhala ndikuidikira miyezi itatu. Inachokera ku Switzerland. M'kati munali pepala limodzi lolimba bwino, la chidindo ndi siginecha, lonena kuti wotchi yanga ya pamkono inayesedwa masiku khumi ndi asanu isanatuluke m'fakitale, ndipo inapezeka kuti imasunga nthawi molondola.

Mwina mukufunsa kale kuti nkhalamba yopuma pantchito ya uphunzitsi ikufuniranji satifiketi ya wotchi. Khalani pansi ndikuuzeni.

Wotchiyi si ya pamsika. Achimwene anga malemu anapatsidwa ndi mabwana awo atagwira ntchito zaka zambiri ku migodi ya ku Zambia, ndipo pomwalira anandisiyira ine. Inabwera ndi pepala lake, koma achimwene analiika m'katoni pansi pa bedi, chiswe n'kudya. Mulungu awasunge, koma nkhani imeneyi sindinawakhululukirebe. Ine kalata yanga yoyamba yolembedwa ntchito ndili nayo. Makadi a sikelo a ana anga onse ndili nawo, ngakhale anawo ali ndi imvi tsopano. Pepala si chinthu chosiya pansi.

Chimanga chikuuma m'munda, ndinapemphedwa kukayang'anira mayeso oyeserera a Sitandade 8, aja timati moko, pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi malire. Pepala la masamu linali la maola awiri. Ahedi a pasukulupo, Mayi Jere, analemba pa bolodi kuti kuyamba 8 koloko, kumaliza 10 koloko, n'kutuluka. Wotchi yanga itakwana 10 koloko ndinati zolembera pansi.

Ana anayamba kung'ung'udza. Wina analoza wotchi ya pakhoma, imene inkasonyeza kuti kwatsala mphindi khumi. Ndinawauza kuti ya pakhomayo ikutsalira, ndipo ndinatolera mapepala.

Sabata isanathe, komiti ya sukulu inalemba kalata yopempha kuti pa mayeso enieni a boma asadzanditumizenso kumeneko. Wapampando wa komitiyo, a Mbewe, mlimi wa fodya amene mwana wake wamkazi anali m'kalasimo, analankhula pa gulu kuti wotchi yanga ndi zija za ku Chipata zogulitsa pa lisaka loyala pansi, zonyezimira kunja koma m'kati muli chiwala.

Zaka zonse zimene ndinagwira choko palibe ananditchulapo wakuba. Lero ndikhale wakuba wa nthawi ya ana? Masiku ano a matipate aliyense ali ndi ufulu wolankhula, ndipo ine ndinavotera nawo ufuluwo. Koma kodi ufulu wolankhula ndi ufulu wodetsa dzina la munthu popanda umboni?

Ndinalumbira kuti ndiwabweretsera pepala.

Apa ndiye poyambira kuthokoza kwanga, chifukwa ndekha sindikanatha. Woyamba ndi a Saidi, okonza mawotchi pakhonde la sitolo ina pa boma. Ndinawafotokozera kuti opanga wotchiyi sangandipatse pepala lina popanda nambala ya m'kati. Anayala kansalu koyera, n'kuvala kagalasi kawo ka diso limodzi, n'kutsegula kumbuyo mosamala ngati akusenda dzira.

“Aphunzitsi, amene ananena kuti iyi ndi ya pa lisaka, mukamuuze abwere ndi lisakalo, ndigula lonse.”

Anandiwerengera nambala kawiri, ine ndikulemba. Kenako anati, “Koma ndikuuzeni, pepala la azungulo lidzanena mmene inkayendera ili mwana. Iyi tsopano ndi nkhalamba ngati ife tomwe. Muzibwera nayo m'mawa uliwonse, tiziifananiza ndi nthawi ya pa wailesi, tizilemba.”

Masabata awiri ndinkafika pakhondepo isanakwane 7 koloko. Iwo ankatsegula wailesi, ine kope. Tsiku lomaliza anasaina m'munsi mwa tsambalo, n'kunena kuti, “Nkhalamba yanuyi ikuposa anyamata.” Sanalole kulandira kanthu.

Wachiwiri ndi asisitere ena okalamba a ku mishoni, amene anandipezera adiresi n'kundilembera kalata m'Chifalansa. Wachitatu sindimudziwa. Ndi munthu wina kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu amene anatsegula kalata ya munthu wa ku Mchinji, dera limene mwina sanalimvepo, n'kupita kukafufuza m'mabuku akale mpaka kupeza nambala ya wotchi imodzi imene inatuluka m'fakitale iye asanabadwe. Kumeneko amasunga mapepala. Ndikanakhala naye pafupi ndikanamupatsa nkhuku.

Ndiye Lachitatu ndinavala jekete, n'kupita kukakumana ndi komiti. Tinakhala m'kalasi momwemo mwa Sitandade 8, ana ataweruka. Ndinayala pa tebulo satifiketi, kope la a Saidi, ndi kabuku kanga kamene ndimalembamo zonse za tsiku la mayeso. Wotchi ndinaivula n'kuiika pamwamba pake. Ya pakhoma inali ikutsalirabe ndi mphindi khumi zomwe zija.

A Mbewe anatenga satifiketi ija, n'kuitembenuza uku ndi uku. Mayi Jere anawamasulira. A Mbewe anagwedeza mutu.

“Chabwino, aphunzitsi. Za lisaka zija ndabweza. Pakamwa panathamanga. Wotchi yanu ndi mfumu.”

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kusonkhanitsa mapepala anga.

A Mbewe anapitiriza kuti, “Koma ndifunse nawo, poti ine sukulu ndinalekera panjira. Ife tikamagulitsa mtedza, mavenda ena amayeza thumba lopanda kanthu pa sikelo iyi, lodzaza pa sikelo inayo. Masikelo onse awiri akhoza kukhala ndi chidindo, koma mlimi amalira. Pomaliza munayang'ana yanuyi, tamva. Nanga poyamba munayang'ana iti?”

Ndinatsegula kabuku kanga. Ndi dzanja langa lomwe ndinali nditalemba kuti, “Kuyamba 8 koloko, monga pa bolodi.” Ndinakumbukira bwino lomwe: nthawi imene ana ankatembenuza mapepala, ine maso anali pa envelopu ya mapepala a mayesowo, kuwerenga otsala. Pamkono sindinayang'ane.

Mayi Jere anagwira pakamwa.

“Bambo, pa bolodi ndinalemba ndine. Ana akuyamba, ndinayang'ana ya pakhoma.”

Kenako anaulula zimene aphunzitsi onse a pasukulupo amadziwa, koma sizinalembedwe paliponse. Chiyambire sukulu yaulere, kumabwera ana ambiri ochokera m'midzi ya kutali, kutsidya kwa dambo, ena oyamba atunga madzi kapena kutsegulira mbuzi. Ankafika mochedwa tsiku ndi tsiku, n'kumalandira zibalo mpaka ena kuleka sukulu. Choncho aphunzitsi anagwirizana zobweza wotchi ya pakhoma ndi mphindi khumi, kuti belu lizilira anawo atafika. Mayi Jere ankadziwa chiyambire kuti wotchi yanga ndi imene inali yolondola, n'chifukwa chake kalata ya komiti ija anakana kusaina. Koma za poyambira, nawonso zinali zisanawafikepo m'mutu.

Mwaiona nkhaniyo? Ana anayamba kulemba nthawi yeniyeni itapitirira 8 koloko ndi mphindi khumi. Ine ndinawaimitsa 10 koloko yeniyeni. Wotchi yanga inalibe mlandu, ndipo ndili ndi pepala lochokera ku Ulaya lotsimikiza zimenezo. Koma ana aja ananena zoona. Ndinawadula mphindi khumi.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa ku Switzerland, osafunsa ahedi amene anali pakhomo.

Sindikuchita manyazi kulemba izi. Chimene chikundipweteka ndi china, ndipo pano ndiye ndikwiye pang'ono, poti mukundidziwa. Dziko lathu ladzaza ndi mawotchi obwezedwa mwachifundo. Khadi la ukwati limati 9 koloko, eni mudzi onse akudziwa kuti ndi 11. Msonkhano wa chitukuko amauitanira m'mawa podziwa kuti uyamba dzuwa litapendeka. Pa chipatala pali nthawi yolembedwa pachitseko, palinso nthawi imene chitsekocho chimatsegukadi. Eni ake amamvana, ndipo nthawi zambiri pamakhala chifukwa chabwino. Aphunzitsi aja sindikuwadzudzula chifukwa cha chifundo chawo. Mwana wowoloka dambo m'mawa wa mwezi wa June, wopanda nsapato, ndani angamumane mphindi khumi?

Koma bwanji osalemba? Kapepala kakang'ono pansi pa wotchi, konena kuti iyi ili m'mbuyo ndi mphindi khumi, kakanatha mlandu wonsewu usanabadwe. Timaopa kulemba chifukwa cholembedwa chimaonedwa ndi oyendera sukulu. Ndiye timasunga mgwirizano m'mitima, n'kuiwala kuti tsiku lina kudzabwera mlendo amene mitima yathu saidziwa. Mlendoyo akalakwitsa timamulembera kalata. Kulemba timakudziwa ndithu, koma pokhapokha tikafuna kuchotsa munthu.

Nanenso ndaphunzira changa, ndili ndi zaka zimene munthu amaganiza kuti anamaliza kuphunzira. Pepala limachitira umboni chipangizo. Silichitira umboni dzanja lochigwira. Sikelo ya chidindo ili m'manja mwa munthu wosasamala imaba chimodzimodzi ndi yabodza.

N'chifukwa chake wachinayi womuthokoza ndi a Mbewe, omwe aja ananditukwanira wotchi pa gulu. Wakutsina khutu ndi mnansi. Akanangolandira satifiketi ija n'kupepesa, ine ndikanabwerera kunyumba ndikuyenda ngati tambala, ndipo mwezi wamawa, pa mayeso enieni, ndikanabwereza zomwezo kwa ana amene tsogolo lawo lili pa pepala limenelo.

Ndinawauza a komiti kuti kalata yawo ikhale momwemo, poti ndalakwa ndine. A Mbewe anakana.

“Iyayi, aphunzitsi. Munthu woti wavuta azungu miyezi itatu chifukwa cha mphindi khumi, tikamupezanso kuti? Mubwere ndinu. Koma tsikulo wotchi ikhale imodzi, ndipo muiike pa tebulo, osati kubisa m'jeketemo ngati mankhwala.”

Tinagwirizana kuti tsiku la mayeso ya pakhoma idzatsitsidwa, nthawi yoyamba ndi yomaliza ndidzalemba ndine, ndipo ana awiri adzabwera kutsogolo kudzaona okha singano zili pati ndisananene kuti yambani. Ndinapempha kuti zimenezi zilembedwe m'buku la komiti, ndipo zinalembedwa ine ndikuona.

Lachinayi ndinabwereranso kukaima pamaso pa ana a Sitandade 8. Ndinawauza kuti tsiku lija iwo ndiwo ankanena zoona, ndipo ndinapepesa. Ana athu sanazolowere kuona munthu wa imvi akupepesa, ndipo ena anayang'ana pansi ngati olakwa ndi iwo. Kenako mwana wa a Mbewe uja anakweza dzanja.

“Agogo, ine ndinatsala ndi samu imodzi yokha. Ndinkaidziwa.”

Ndinalibe chomupatsa. Mayeso aja anali oyeserera chabe, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti cholakwachi chinaoneka pa moko. Koma samu yakeyo inapita, ndipo palibe ofesi pa dziko lino imene ingandidindire pepala loibweza.

Inu amene mukuwerenga, kuntchito kwanu, ku tchalitchi kwanu, pa sukulu ya ana anu, pali zingati zimene nonse mumadziwa koma palibe analembapo? Tsiku limene adzabwere munthu wosazidziwa, n'kuchita zonse molondola, adzatsale ndi samu imodzi ndi mwana wa yani?