Asewele a pa Waya

Dodou Faal ankagwira ntchito m'kanyumba ka wailesi padoko la Bathurst. Ndege ikamadutsa pamwamba pa nyanja mawu ake n'kumamveka monong'ona, iye ankawatola n'kuwagogodera ku Dakar pa kachitsulo ka Morse, kotumizira uthenga pogogoda zilembo. Anali munthu wofatsa pakamwa, koma chala chake chinali chamwano zedi.

Wolandira ku Dakar uja sanaonanepo naye, ngakhale dzina sankalidziwa. Ankangomuzindikira ndi kagogodedwe kake kodzandira. Uthenga wa ndege ukangodutsa bwino, ankayambana.

"Mukugogoda ndi phazi kodi?" Dodou ankatero.

"Tsukani m'makutu, mbuzi inu," linkabwera yankho.

Zaka zinapita akudyetsana zoterezi ngati chakudya cha masana.

Ndiye mwana wamkazi wa Dodou, Sainabou, anapeza mnyamata wa ku Dakar, n'kumukonda mpaka kuwonda naye. Akuchimuna anabwera ndi mtedza wa kola kudzafunsira mbeta. Bambo a mnyamatayo, a Thiam, anakhala pamphasa mwaulemu, koma chifukwa cha mantha mphete yawo inkangogogoda zilembo za Morse m'mphepete mwa mbale ya kola.

Dodou anatchera khutu. Kudzandira kuja! Waphazi uja anali m'nyumba mwake, atavala mkanjo woyera. Anachita mantha kwambiri, poti akangodziwika, ukwati wa mwana wake uthera pamphasa pomwepo. Anakhalira manja ake onse awiri.

"Bambo a Sainabou, mukufungatira mazira?" ananong'ona mkazi wake. "Landirani kola, anthu akudikira!"

Dodou anatulutsa dzanja. Koma chizolowezi n'choipa: mphete ija itaphonyanso chilembo, chala chinafika pambale chisanafike pa kola, n'kugogoda chokha: PHAZI.

A Thiam anauma gwa. Sainabou, amene ankasuzumira pakhomo, anagwira pamtima.

"Ndinu inuyo?" anafunsa mlendoyo. "Amakutu aja?"

"Pepani, akulu," anatero Dodou. "Mwanayu sanalakwe kanthu. Wolakwa ndi chalachi."

A Thiam ananyema kola pakati n'kumupatsa theka.

"Tafunani, asewele. Anzathu amayamba ndi ukwati, kutukwanana kumabwera pambuyo, ana n'kuvutika. Ifetu zimenezo tinamaliza kale."