Chimene chinkadya batire la pikapu yathu

Amuna anga anagula pikapu ija kwa mmwenye wina amene ankatseka sitolo yake ku Balaka. Inali yokalamba, chitseko cha kumanzere chomanga ndi waya, koma inkayenda. Ankanyamulira matemba a ku nyanja ya Chiuta kukagulitsa m'misika, ndipo pa Nselema aliyense ankaidziwa ndi kutsokomola kwake.

Ine ndinali ndi pakati pachiwiri. Mwana woyamba ndinamutaya m'njira, pangolo, tisanafike kuchipatala. Choncho za matembazo ndinalibe nazo ntchito kwenikweni. Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti tsiku langa likadzafika galimotoyo idzalire.

Ndiye inayamba kukana. Akapotokola kiyi m'mawa, inkangoti khe, khe, kenako zii.

"Batire lagona," ankatero amuna anga, n'kupita kukapempha amuna a pamudzi kuti adzakankhe.

Ine ndinabadwa wosuzumira zinthu. Akatsegula boneti, nane mutu momwemo, chimimba chili patsogolo. Ndinaphunzira kuti ufa woyera womera pamitu ya batire umachoka ndi madzi otentha, ndipo pakauma umapakapo girisi. Ndinaphunzira kumasula tizivindikiro n'kuona ngati madzi aphwa m'kati. Madzi ake sanali a pachitsime iyayi, koma a mvula, otchera m'beseni pakati pa bwalo, osati a padenga. Dontho limodzi la m'batiremo linandibowolera chitenje changa chopitira ku maukwati, ndipo mpaka lero chimandipwetekabe mtima. Zonsezi tinachita, koma batire linkagonabe.

Potsiriza amuna anga anakagula latsopano ku Balaka. Lakalelo analiika m'nyumba pathabwa, ati batire silikhala pansi chifukwa nthaka imayamwa moto wake. Ngati n'zoona sindikudziwa mpaka pano. Latsopanolo linatisangalatsa kwa kanthawi, kenako m'mawa wina, khe, khe, zii.

Apa anthu anayamba kuyankhula. Ena ankati pali wansanje amene waiponda galimotoyo. Ena ankati tipite kwa ashehe akatilembere talasimu timangirire pachiwongolero. Chimene chinkandidabwitsa ine chinali mwini wake. Munthu amene ankatha kukalipira nkhuku chifukwa chokwera pamatumba, pa nkhani iyi ankangoti, "Tiona, Inshaallah." Ndinkapsa mtima kwambiri.

Ndinayamba kusunga ndekha mumtima masiku amene inkakana. Ikayenda tsiku ndi tsiku, inkalira bwinobwino. Inkakana ikakhala pakhomo, makamaka Lachisanu, amuna anga akapita kumzikiti ku mapemphero a jumwa n'kutsalira kumsika ndi anzawo. Malo ake oimikapo anali kuseri kwa nkhokwe, pafupi ndi nyumba ya amayi anga, popeza tinkakhala kwathu ndipo amuna anga anali akamwini.

Lachisanu lina msana unandivuta, sindinapite kudimba. Dzuwa litapendeka ndinamva mawu a mwamuna kuseri kwa nkhokwe, oyankhula motsitsa. Ndinanyang'ama. Pansi pa chitseko cha pikapu panali masilipasi a amayi anga, oikidwa bwinobwino ngati pakhomo la mzikiti. Eni ake anali m'kati, atawerama, khutu lili pawailesi ya m'galimoto. Wailesiyo mmwenye uja anailumikiza kubatire mwachindunji, moti inkalira popanda kiyi.

Masiku amenewo nyumba youlutsa mawu inali imodzi dziko lonse, ndipo inali ndi nthawi yowerenga mauthenga a maliro. Achimwene anga, oyamba kubadwa, anapita ku migodi ku Joni ine ndili mtsikana, n'kutchona. Amayi ankamvetsera dzina lawo.

Ndinaima pomwepo mpaka mauthenga anatha. Kenako ndinaona chimene ndinkafuna kudziwa. Amayi anapotokola kabatani pang'onopang'ono mpaka mawu anatheratu, koma sanakafikitse poti tha. Wailesi inatsala yoyaka, yopanda mawu, ikudya batire mpaka m'mawa.

"Amama! Kani ndinu?"

Anadzidzimuka. "Ine ndatani, mwanangu? Sindiiyendetsa. Petulo wa akamwini sindinamukhudze."

"Nanga wailesiyo imadya chiyani?"

"Mawu amadya? Ndipo ndimawakhazika chete ndisanatuluke."

Ndinawakalipira. Ndinawakumbutsa za ngolo ija, ndinawafunsa ngati ankafuna kuti ndikwirirenso mwana wina. Anatsika, n'kuvala masilipasi awo, n'kulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo sanayandikirenso galimotoyo, ndipo batire linasiya kugona. Koma nthawi ya mauthenga ikafika ndinkawaona atakhala pakhonde, manja ali pamiyendo, akuyang'ana nkhokwe.

Nditawauza amuna anga, ndinkayembekeza kuti andiyamikira. Iwo anangokanda ndevu.

"Ndinkadziwa. Nthawi zonse ndinkaipeza wailesiyo ili yoyaka."

"Munkadziwa? Ndiye n'kukagula batire lina?"

"Ndinkati latsopano lipirira."

"Osawauza bwanji?"

"Akazanga, ine mkamwini ndikaime pamaso pa apongozi n'kunena kuti tulukani m'galimoto mwanga? Pamudzi pawo?"

Anali kunena zoona. Chikwatiranireni chathu, anthu awiriwa anali asanayang'anizanepo m'maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Moni ankapatsana chapatali, wina atayang'ana kumbali.

"Nanga ine osandiuza?"

"Mukanawakalipira. Si ndi zimene mwachitazi?"



Tsiku lotsatira anamasula wailesi ija m'galimoto. Anatenga batire lakale lija, limene linalibe mlandu uliwonse, n'kukalitchajitsa kugaraja. Anadikira kuti amayi apite kuchitsime, n'kukaika zonse pakhonde pawo, batire pathabwa lake, mawaya olumikiza kale. Kenako anathawira kumsika. Ine ndi amene ndinawaphunzitsa amayi kupotokola kabatani mpaka kati tha. Anayeserera kangapo, akuseka mwamanyazi.

"Ukawauze akamwini kuti ndaona," anatero. Kuthokoza kwawo kunali komweko.

Tsiku langa linafika masana, mitambo itachita bii kumapiri. Amuna anga anayala matiresi kumbuyo kwa pikapu, fungo la matemba lili guu. Atalowa kutsogolo ndinatseka maso. Anapotokola kiyi kamodzi kokha, galimoto inalira. Ndinagwetsa misozi pomwepo, osati chifukwa cha ululu.

Pakhonde pa amayi wailesi inali itangoyamba kuwerenga mauthenga a maliro. Ndinawaona ataimirira, mtolo wa nsalu uli m'manja, khutu lili uko, maso ali kwa ine. Wowerengayo anali atangotchula dzina loyamba, ena ambiri akubwera. Amayi anawerama, n'kupotokola kabatani mpaka ndinamva ndekha kuti tha. Anakwera kumbuyo n'kuika mutu wanga pamiyendo pawo.

Tinafika kuchipatala cha kuboma mvula isanayambe, ndipo mwana anabadwa wamoyo, wamwamuna, wolira mokweza. Amayi atamunyamula ndinakumbuka za wailesi ija.

"Amama, mauthenga a lero aja mwawaphonya. Nanga ngati anawatchula achimwene?"

Anapukuta kamutu ka mwanayo ndi nsonga ya chitenje.

"Ngati anamutchula, anamutchula," anatero. "Uyu ndiye ali pano."